Wapampando wadzipatsa 5, nanga mamembala amupatsa zingati?

Mukaima pamsika pa Kabwazi n'kukuwa kuti "Atcheya!", musadabwe mukaona anthu asanu kapena kuposerapo akucheuka. Mipando kuno ndi yambiri. Pali wapampando wa komiti ya chitukuko cha m'mudzi, ija timangoti VDC, wa komiti ya sukulu, wa komiti ya mjigo, wa banki m'khonde, wa kalabu ya alimi a mbatatesi, wa kwaya, wa timu ya mpira, mpaka wa anyamata a kabaza. Chikhazikitsireni ndondomeko ya mphamvu ku anthu m'chaka cha 1998, pafupifupi ntchito iliyonse ya chitukuko imabwera ndi komiti yake, ndipo komiti iliyonse imafuna mutu.

Masiku ano mipando yambiri ikugwera achinyamata, ndipo chifukwa chake n'chosabisika. Kalembera wa 2018 anapeza kuti boma la Dedza lili ndi anthu oposa 830,000, komanso kuti theka la anthu m'dziko muno ndi osafika zaka 18. Kuwonjezera apo, amene ali ndi foni ya WhatsApp, amene amatha kulemba lipoti ndi kuwerengera chiwongoladzanja osasokoneza, kawirikawiri ndi uja walemba MSCE posachedwapa. Ndiye pachisankho anthu amangoti, "Tiike mwana wasukuluyu." M'manja mwalira, basi munthu wakhala mtsogoleri. Palibe womuuza kuti utsogoleri uli ndi mitundu, ndiponso kuti mtundu umene iye akuganiza kuti ali nawo mwina si umene anzake akuuona.

Apatu sitikunena zamasewera. M'bokosi la banki m'khonde mumakhala fizi ya mwana wa munthu, ndalama ya feteleza ndi mpamba wa mayi wogulitsa tomato. Kalabu ya alimi ikasokonekera, mbewu imafika mvula itapita kale, kapena aliyense amakagulitsa zokolola payekha kwa mavenda pamtengo wolira. Komiti ya mjigo ikafa, amayi amabwerera kudambo. Ndipo si magulu onse amene amafa chifukwa wina wathawa ndi ndalama. Ena amafa mwakachetechete: anthu amayamba kuchedwa kumsonkhano, kenako kutumiza uthenga wopepesa, kenako zii. Wapampando amatsala akudandaula kuti anthu a kuno sakonda chitukuko.

Munthu mmodzi, zipewa zitatu

M'chaka cha 1939, katswiri wa za maganizo a anthu Kurt Lewin ndi anzake awiri, Ronald Lippitt ndi Ralph White, anatulutsa zotsatira za kafukufuku amene anachita ku Iowa m'dziko la America. Anatenga anyamata a zaka 10 ndi 11, n'kuwagawa m'timagulu ta anthu asanu. Anawo ankakumana akaweruka kusukulu n'kumapanga zinthu zamanja, monga zigoba zovala kumaso, ndipo kagulu kalikonse kanali ndi munthu wamkulu wokatsogolera. Mtsogoleri wina ankalamula chilichonse: chochita, wochita naye, nthawi yosiyira. Wina ankakambirana ndi anawo, iwo n'kusankha okha njira, iye n'kumathandizapo. Wachitatu ankangopereka zipangizo n'kukhala phee, kuyankha pokhapokha akafunsidwa.

Kwa wolamula uja ntchito inkayenda ndithu, inkayenda kwambiri. Koma anawo ankakhala okwiya n'kumathera ukali pa mnzawo mmodzi, kapena ankangozizira, kudikira kuuzidwa chochita. Kwa wolekerera kunali phokoso lambiri, ntchito yochepa. Chochititsa chidwi chinkaoneka mtsogoleri akatuluka dala m'chipindamo. Ana a wolamula ankaponya zida pansi. Ana a wokambirana ankapitiriza ntchito ngati palibe chachitika. Atafunsidwa pamapeto, anyamata 19 mwa 20 anati anakonda wokambirana kuposa wolamula.

Koma mfundo imene anthu ambiri amaidumpha pofotokoza kafukufukuyu ndi iyi: atsogoleriwo ankasinthana. Munthu yemweyo amene milungu ingapo anali wolamula pakagulu kena, ankapita pakagulu kena n'kukakhala wokambirana. Ana nawonso ankasintha khalidwe malinga ndi mmene akutsogoleredwera. Ndiye zoti "ine ndi mmene ndinabadwira" kapena "anthu anga ndi aulesi" n'zofunika kuzikayikira kaye. Kayendetsedwe ka gulu ndi chipewa, munthu amavala, amavula.

Ife Amalawi mtundu wolamulawu sitichita kuuwerenga m'mabuku. Dziko lino linalandira ufulu pa 6 Julayi 1964, ndipo pasanathe miyezi iwiri nduna za boma zinapita kwa Dr Hastings Kamuzu Banda ndi madandaulo: ndalama ya tiki imene odwala ankafunika kulipira m'zipatala, kuchedwa kupereka maudindo a m'boma kwa Amalawi, ubale ndi Apwitikizi komanso South Africa, ndi chizolowezi chawo chotchula ndunazo kuti anyamata awo pagulu. Yankho linali kuchotsa ntchito Orton Chirwa, Kanyama Chiume, Augustine Bwanausi ndi Rose Chibambo mu Sepitembala chaka chomwecho. Ena, monga Henry Masauko Chipembere, Yatuta Chisiza ndi Willie Chokani, anatula okha pansi maudindo. Zimene a Banda anamanga pambuyo pake palibe angakane: Yunivesite ya Malawi inatsegulidwa mu 1965, likulu linasamukira ku Lilongwe mu 1975. Koma kuchokera mu 1964, wowauza poyera kuti apa mwalakwa anasowa, mpaka pa 8 Malichi 1992 pamene kalata ya maepiskopi inawerengedwa m'matchalitchi a Katolika. Pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993, anthu oposa 60 mwa 100 alionse anasankha zipani zambiri. Mu Januwale 1996, atachoka kale pampando, a Banda anatulutsa chikalata chopepesa kwa onse amene anazunzika m'nthawi yawo. Malikisi anafika, koma anafika patapita zaka pafupifupi 30.

Izi sizikutanthauza kuti kulamula n'koipa nthawi zonse. Kolera itavuta m'dziko muno mu 2022 ndi 2023, wapampando wa komiti ya mjigo amene akanayamba kufunsa kuti "kodi anzanga mukuona bwanji, tithire klorini kapena ayi?" akanakhala wolakwa. Moto ukabuka m'nkhalango ya m'mudzi sitiitanitsa msonkhano. Vuto limabwera munthu akamayendetsa nkhani ya mtundu wa yunifolomu ya kwaya ngati akuzimitsa moto.

Daniel Goleman, polemba m'magazini ya Harvard Business Review m'chaka cha 2000, anagwiritsa ntchito kafukufuku wa mabwana 3,871 n'kugawa utsogoleri m'mitundu 6. Awiri tawatchula kale, wolamula ndi wokambirana. Pali woloza kumene gulu likupita n'kusiya anthu apeze okha njira yokafikirako, ndipo ameneyu ndi amene anaoneka kuti amakometsa kwambiri mtima wa anthu pantchito. Pali wogwirizanitsa, uja sasowa pamaliro ndi pamatenda a membala aliyense, amene amadana ndi mikangano mpaka kulephera kulonjerera ngongole. Pali wophunzitsa, amene amakhala pansi ndi mlembi watsopano kumuonetsa kalembedwe ka buku m'malo momulanda cholembera. Ndiye pali wothamanga patsogolo.

Uyu tiime naye pang'ono, chifukwa ndi msampha wa achinyamata ambiri ophunzira. Wothamanga patsogolo si munthu woipa. Amafika woyamba, amachoka womaliza. Lipoti amalemba yekha, kwa alangizi amapita yekha, bandulo yoimbira mamembala amagula ndi ndalama yake. Wina akachedwa kuchita chinthu, iye amangoti, "Bweretsani ndipange ndekha, tisataye nthawi." Akamadziona amaona munthu wodzipereka. Mamembala amaona munthu amene sawakhulupirira. Pakutha chaka, iye watopa, iwo sanaphunzire kanthu, ndipo tsiku limene adzapeze ganyu ku Lilongwe kapena kukwera basi ya ku Johannesburg, gulu lidzakwera naye. Goleman anapeza kuti mtundu umenewu, pamodzi ndi wolamula, ndi umene umawononga mtima wa anthu pantchito ukagwiritsidwa ntchito tsiku ndi tsiku. Anapezanso kuti atsogoleri amene zimawayendera bwino ndi amene amatha mitundu inayi kapena kuposerapo, n'kumasintha malinga ndi nkhani imene ili patsogolo pawo.

Mfumu imene inasintha magiya

Chitsanzo cha kusinthaku sitikachifuna kutali. Tsikani phiri kulowera kunyanja, m'boma lomweli la Dedza, ku Mtakataka, kwa malemu Inkosi Theresa Kachindamoto amene anatisiya mu Ogasiti 2025. Mayiwa anali chitsiriziro m'banja la ana 12, ndipo anagwira ntchito ya ulembi pakoleji ina ku Zomba kwa zaka 27. Sanali pamzere woyembekezera ufumu. Akuluakulu anawasankha mu 2003, ati chifukwa ankadziwa kukhala ndi anthu.

Atafika kumudzi anapeza atsikana a zaka 12 ndi 13 ali ndi ana kumbuyo. Poyamba anayenda khomo ndi khomo, kukamba ndi makolo, kuchititsa misonkhano. Ambiri sanamve. Ena anawauza kuti alibe mphamvu yosintha mwambo, ena anawaopseza kuti awapha. Munthu wongodziwa kukambirana akanatha pomwepo. Iwo anaona kuti njira ija sikugwira, n'kusintha. Anasonkhanitsa mafumu 50 a pansi pawo kuti asainire pangano lothetsa maukwati a ana ndi kumasula amene analipo kale. Mafumu anayi amene anapitiriza kuvomereza maukwatiwo anawaimitsa paudindo. Atamva kuti amasula maukwati aja ndipo ana abwerera kusukulu, anawabwezera ufumu wawo. Taonani pamenepo: chilango chinali ndi khomo lobwererapo.

Ndipo sanayese kukhala maso a mudzi uliwonse okha. Anakhazikitsa amayi ndi abambo achinsinsi m'midzi, owatsina khutu mwana akasowa kusukulu. Pofika 2016, nyumba zofalitsa nkhani zinkanena kuti amasula maukwati oposa 850 m'zaka zitatu zokha. Mu 2015 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo loika zaka 18 ngati msinkhu wolowera m'banja, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti agwirizane nalo.

Anthu akunja anawapatsa mayina oopsa, ngati kuti ntchito yonse inali kukalipa. Koma mukatsata bwino mupeza munthu mmodzi akunyengerera, kugwirizanitsa, kulamula, kukhululuka ndi kugawira ena ntchito, chilichonse panthawi yake. Chimene chinawathandiza kusintha n'chakuti anali ndi njira yodziwira ngati zimene akuchita zikugwira kapena ayi.

Galasi lonama

Apa ndiye pagona nkhani. Kuti musinthe chipewa, muyenera kudziwa chimene mwavala. Pa intaneti pali mafunso ambirimbiri olonjeza kukuuzani mtundu wa utsogoleri wanu m'mphindi zisanu. Ayeseni, si oipa, amakupatsani mawu oyambira. Koma dziwani kuti amangokubwezerani zimene mwawauza. Funso likati kodi mumamvera maganizo a ena, ndani angadine kuti ayi?

Tasha Eurich, katswiri wa ku America amene wafufuza nkhani ya kudzidziwa kwa zaka zingapo, anapeza kuti anthu 95 mwa 100 alionse amakhulupirira kuti amadzidziwa bwino, koma amene amadzidziwadi ndi pakati pa 10 ndi 15 okha. Anaonetsanso kuti munthu akamakwera paudindo, m'pamene amadzikweza kwambiri malikisi, chifukwa owauza zoona amachepa. Makolo anaziona kalekale pamene ankati anyani amasekana zikundu.

Kwathu kuno vutoli limakula ndi ulemu. Wapampando akafunsa pamsonkhano kuti, "Pali amene ali ndi vuto ndi kayendetsedwe kanga?", yankho mukulidziwa kale. "Ayi, zonse zili bwino atcheya, pitirizani." Zenizeni zikakambidwa pobwerera, panjira ya kuchigayo. Si chinyengo ayi. Munthu amene mukufuna amudzudzule ndi yemweyo adzasainire ngongole yake mwezi wamawa, mwinanso ndi mlamu wake.

Makolo athu ankalidziwa vutoli ndipo analipezera njira. Pabwalo la milandu mfumu imalankhula pomaliza, nduna ndi eni nkhani atatha. Polonga ufumu, akuluakulu amayamba ailangiza mfumu yatsopano isanakhale pampando. Mayi wosautsidwa ankaimba dandaulo lake pamtondo, mudzi wonse n'kumva popanda kutchula dzina. Ngakhale m'gule wamkulu muli zilombo zimene ntchito yake ndi kudzudzula makhalidwe oipa, a mafumu omwe. Zonsezi ndi njira zofikitsira mawu owawa kwa wamkulu popanda wolankhulayo kupsa. Komiti zathu zamakono zinatengera mpando, koma njira zimenezi zinatsala.

Njira imene inabadwira konkuno

Pali chida china chimene mayiko ambiri akugwiritsa ntchito lero, koma chinayambira ku Malawi. Chimatchedwa Community Score Card, ndipo anachiyambitsa ndi a bungwe la CARE Malawi m'chaka cha 2002 pofuna kukonza ntchito zaumoyo. Chimayenda motere. Anthu a m'mudzi amakhala paokha, amayi kwaokha, abambo kwaokha, achinyamata kwaokha, n'kutchula zimene zimawakhudza pachipatala chawo: kalandiridwe ka odwala, kupezeka kwa mankhwala, nthawi yotsegulira. Chilichonse amachipatsa malikisi ndi chifukwa chake. Kumbali inayo, ogwira ntchito pachipatalapo nawonso amakhala paokha n'kudzipatsa malikisi. Kenako mbali ziwirizi zimakumana, mapepala onse awiri n'kupachikidwa poyera. Pomaliza amagwirizana zochita, wochita ndi tsiku lake, ndipo pakapita miyezi ingapo amabwerezanso.

Njirayi inayesedwa mwadongosolo kwa anansi athu ku Ntcheu, m'zipatala 20: khumi zinaigwiritsa ntchito, khumi ayi. Zotsatira zimene zinatuluka mu 2017 zinaonetsa kuti kumene inagwiritsidwa ntchito, alangizi a zaumoyo ankayendera kwambiri amayi oyembekezera m'makomo mwawo, ndipo amayi okhutira ndi chithandizo anachuluka.

Nzeru yake ili pa mapepala awiri aja. Kudziyesa wekha kulipo, sikunatayidwe, koma kumaikidwa pambali pa malikisi a anthu amene ukuwatumikira. Pamene onse apereka 4 palibe nkhani. Pamene onse apereka 2, vuto likudziwika, chatsala ndi kulikonza. Phunziro lenileni lili pamene iwe wadzipatsa 5 koma anthu akupatsa 2.

Palibe choletsa wapampando wa gulu la anthu 20 ku Kabwazi kubwereka nzeru imeneyi. Sipafunika bungwe, galimoto kapena alawansi.

Makapu asanu ndi nyemba

Yambani nokha, usiku, ndi kope. Lembani mafunso ochepa, asapitirire 6 kapena 7, ndipo akhale a zinthu zooneka ndi maso. Funso loti "kodi ndine mtsogoleri wabwino" silithandiza, chifukwa yankho lake ndi inde basi. Funsani zogwirika. Kodi mamembala amadziwa ndalama zimene zili m'bokosi popanda kuchita kufunsa? Kodi munthu akatsutsa maganizo anga pamsonkhano, amachoka ali womasuka kudzatsutsanso? Kodi ntchito ndimagawa, kapena zonse zimathera m'manja mwanga? Kodi malamulo a gulu, monga chindapusa cha kuchedwa, amandigwira inenso ndi abale anga? Kodi tikamangana mfundo, zimachitikadi? Kodi pakabuka mkangano ndimauthetsa kapena ndimauzemba? Dzipatseni malikisi kuyambira 1 mpaka 5 pa funso lililonse, ndipo pambali pake lembani chinthu chimodzi chimene chinachitikadi chochitira umboni. Mukasowa umboni, tsitsani malikisiwo. Pindani pepalalo, lipatseni mlembi asunge.

Musanapite kwa anthu, foni yanu ili ndi umboni wina umene sunyengerera. Tsegulani gulupu ya WhatsApp ya gulu lanu, bwererani mwezi umodzi m'mbuyo, muwerenge. Mauthenga anu ndi angati, a ena onse pamodzi ndi angati? Mwa anuwo, mafunso ndi angati, malamulo ndi angati? Ngati munaitseka gulupuyo kuti ma admin okha ndiwo azilemba, yankho mwalipeza kale. Pemphaninso chilolezo kwa mamembala kuti mujambule mawu a msonkhano umodzi, mukamvetsere kunyumba. Pa ola limodzi, inu mwalankhula mphindi zingati? Ndi anthu angati amene sanatsegule pakamwa? Amayi analankhula kangati, ndipo ndani anawadula mawu? Anthu ambiri samaliza kumvetsera, manyazi amawagwira pakati.

Buku la mlembi nalonso limalankhula. Anthu obwera kumsonkhano achuluka kapena achepa chilowereni inu? Amene anasiya gulu ndi angati, ndipo alipo amene anakawafunsa chifukwa? Ndiye pali mayeso a Lewin aja: jombani dala msonkhano umodzi, mutamuuza wachiwiri wanu yekha. Mukamva kuti anthu anadikira theka la ola n'kubalalika, musanyade kuti popanda inu palibe chimayenda. Amenewo ndi malikisi otsika.

Tsopano kwa mamembala. Mapepala osalemba dzina amaoneka ngati njira yabwino, koma pagulu laling'ono aliyense amadziwa kalembedwe ka mnzake, ndipo ena kulemba kumawavuta. Google Forms imathandiza ngati onse ali ndi mafoni a intaneti, zimene m'magulu ambiri a kumudzi sizili choncho. Njira yosavuta ndi nyemba. Ikani makapu asanu kuseri kwa nsalu kapena m'chipinda china, olembedwa 1 mpaka 5. Munthu wina amene si wa m'komiti, mwina mphunzitsi kapena mkulu wa mpingo amene onse amamukhulupirira, awerenge funso mokweza. Aliyense alowe yekha, aponye nyemba yake imodzi m'kapu imene wasankha. Ziwerengedwe pamaso pa onse, kenako funso lotsatira. Inu wapampando musakhalepo. Zikatheka amayi agwiritse ntchito nyemba, abambo chimanga, kuti muone ngati mbali ziwirizi zikukuonani mofanana. Nthawi zambiri sizitero.

A banki m'khonde asaone zachilendo pamenepa. Dongosolo lawo, limene a CARE anayambitsa ku Niger mu 1991, linamangidwa kale pa mfundo yoti munthu mmodzi asakhale ndi zonse: bokosi lili ndi maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu osiyana, ndalama zimawerengedwa pamaso pa gulu, ndipo komiti imasankhidwa chaka ndi chaka. Ngati timawerenga ndalama poyera, kuwerenga kayendetsedwe ka wapampando kamodzi pachaka sikungakhale mwano.

Tiyerekeze kuti zatuluka. Pa nkhani ya kuonetsa ndalama munadzipatsa 4, gulu lakupatsani 4. Zikomo. Pa kugawa ntchito munadzipatsa 5, gulu lakupatsani 2. Apa mtima uwawa, tisanamizane. Ndipo maganizo oyamba kubwera ndi oti, "Ndani waponya m'kapu ya 1? Ndi uja ndinamukaniza ngongole uja." Mwina ndi zoona. Nsanje ilipo, zidani zilipo, ndipo atsikana otsogolera amakumana ndi china chowonjezera: mawu amene mnyamata akalankhula anthu amati ndi wolimba mtima, mtsikana akalankhula amati ndi wamwano. N'chifukwa chake simuyang'ana nyemba imodzi. Nyemba ziwiri m'kapu ya 1 zitha kukhala chidani. Nyemba 14 mwa 20 m'makapu a 1 ndi 2 ndi uthenga. Ndipo mukangoyamba kufufuza amene anaponya kuti, dziwani kuti chaka chamawa nyemba zonse zidzagwera m'kapu ya 5, ndipo simudzamvanso zoona mpaka tsiku lachisankho.

Eurich ali ndi langizo lothandiza pa nthawi ngati imeneyi. Iye akuti funso loti "chifukwa chiyani" limangomuzunguza munthu, n'kumupezera zifukwa zodzikhululukira: chifukwa anthu ndi ansanje, chifukwa ndine wamng'ono, chifukwa sanapite kusukulu. Funso lothandiza ndi loti "ndichite chiyani". Pamsonkhano wotsatira werengani malikisi onse awiri mokweza, anu ndi awo, kenako mufunse chinthu chimodzi: "Pa nkhani ya kugawa ntchitoyi, ndi chiyani chimene mukufuna ndiyambe kuchita, kapena ndisiye?" Mukatero khalani chete. Anthu adzayang'ana pansi, wina adzatsokomola, mudzafuna kudzaza mpatawo ndi mawu anu. Pirirani. Amene adzayambe kulankhula ndiye mnansi wakutsina khutu uja.

Musalonjeze kusintha zonse. Sankhani chimodzi. Wothamanga patsogolo anene kuti miyezi itatu ikubwerayi kwa alangizi azipita wachiwiri wake ndi membala mmodzi, ndipo akabwera ndi lipoti lopunduka asalilembenso, akhale nawo pansi alikonze limodzi. Wolamula ayese mwambo wa pabwalo, azilankhula pomaliza. Wogwirizanitsa, uja amaopa kukhumudwitsa anthu, avomere kuti mayina a amene apitirira tsiku lobweza ngongole aziwerengedwa pamsonkhano uliwonse, ngakhale pakhale dzina la azakhali ake. Wolekerera ayambe n'zazing'ono: msonkhano uziyamba nthawi imene munagwirizana, ndipo pothera pake aliyense azidziwa chimene wasenza.

Za nthawi yochitira zimenezi, pewani masiku amene mitima ili m'mwamba, monga sabata yogawana masheya kapena pamene mwangokangana za mtengo wogulitsira zokolola. Pakati pa chaka cha gulu ndiye pabwino, kuti patsale miyezi yoti anthu aone ngati mwasinthadi chisankho chisanafike. Ikatha miyezi itatu kapena inayi, bwerezani mafunso omwewo, osasintha ngakhale liwu limodzi, kuti manambala atsopano athe kuyerekezedwa ndi akale. Ulendo wachiwiriwo mlembi ndi msungichuma nawonso akonze mapepala awo, ndipo muwonjezere nyemba.